Mkaka Wotsitsira Mwaye

Mukachoka pa Nsaru kulowera njira ya ku Kabudula, mumayamba kuona machumuni khumi ndi awiri atasuzumira pamwamba pa mitengo ya bulugama. Esiteti imeneyo ili ndi dzina lake lolembedwa pachikwangwani, koma palibe amene amalitchula, ngakhale a kabaza. Aliyense amangoti pa Machumuni. Pamenepo amalima fodya wa kampopi, uja amaumitsa ndi moto m'mabalani a njerwa, ndipo m'mimba mwa mabalani amenewo ndi momwe a Benedicto Muhiwa adakwawamo zaka makumi atatu ndi zinayi.

Mukakafunsa za a Muhiwa pakomboni, anthu angoyang'anana. Nenani kuti mukufuna a Mfuko, akulozerani nyumba yachitatu kuchokera pamjigo, ya zipinda ziwiri, ya mtengo wa mapeyala pakhomo. Dzinalo silidawapweteke eni ake. Ankati mfuko ndi nyama yaulemu, imagwira ntchito yake popanda woiona.

Adabwera pa lole kuchokera ku Phalombe ali ndi zaka makumi awiri, pamodzi ndi anzawo ofuna ntchito ya fodya. Kapitawo adawandandalika pabwalo n'kumasankha ngati akugula ng'ombe, a mapewa akuluakulu kukadula nkhuni, a miyendo italiitali kumunda. Pomaliza adatsala a Benedicto okha, kamunthu kochepa koti mphepo ya mwezi wa Julayi ikhoza kukanyamula. Kapitawo adali atayamba kale kunena zoti kakwere lole kabwerere kwawo, pamene mdala wina amene adakhala pachitsa, akutsokomola, adaloza ndi chibwano.

"Ameneyo mundipatse ine," adatero mdalayo. "Akwanamo."

Mdalayo adali a Austin, amene ankapala mwaye m'mabalani masiku amenewo. Ukaipa dziwa nyimbo, amatero akuluakulu, ndipo nyimbo ya a Benedicto idakhala thupi lawo lochepalo.

Balani la kampopi limamangidwa chonchi. Kunja kuli ng'anjo. Kuchokera m'ng'anjomo, mpopi wa njerwa umayenda pansi m'kati mwa balani, kukhota kawiri, n'kukatulukira m'chumuni. Fodya wopachikidwa pamwamba amafuna kutentha kokha, utsi ayi. Moto ukayaka sabata yathunthu, usana ndi usiku, mwaye umakangamira m'mpopimo. Ukachuluka moto sukoka, fodya amangowola ali wobiriwira, ndipo tsiku latsoka mwaye womwewo umagwira moto balani lonse n'kupsa. Mpopi ukang'aluka, utsi umalowa kwa fodya n'kumudetsa. Ndiye pamafunika munthu woti alowe chokwawa, tochi pakamwa, khasu lakutha m'dzanja, chigoba cha dothi la pachulu patsogolo, azipala ndi kumata. Mulibe motembenukira m'menemo. Munthu amatuluka chobwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake amamumanga chingwe kumwendo, wina n'kuchigwira panja. Chingwe chikagwedezeka kawiri, ndiye kuti kokani.

A Austin adawaphunzitsa zonsezi, komanso kuchotsa zisa za mavu ndi za mpheta m'timawindo ta mpweya tam'munsi ndi tapadenga. Adawapatsanso nthenga ya nkhanga. Ntchito ikatha ankayatsa kaudzu m'ng'anjo n'kugwira nthenga pakamwa pake. Ikaweramira m'kati ngati wina akuikoka, mdalayo ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Likupuma." Mawu amenewo a Benedicto adawatengera, ndipo mpaka lero pa Machumuni palibe amene amafunsa ngati balani lakonzedwa. Amafunsa ngati likupuma.

Panalinso mkaka. Mzungu amene adali mwini esiteti nthawi imeneyo adalamula kuti wotuluka m'mpopi azipatsidwa kapu ya mkaka wa m'khola, akuti umatsuka mwaye pachifuwa. A Austin ankamwa wawo atatseka maso, ngati munthu wolandira mgonero, n'kusisita pachifuwa kuti utsike bwino. Adamwa choncho zaka zambiri, koma chifuwa chawo sichidaleke. Patapita zaka ziwiri adalephera kulowanso m'mpopi, ofesi idati mdala apume, ndipo usanathe mwezi adakwera lole ndi mphasa, mapoto atatu ndi mkazi wawo. Nyumba yawo adaipereka kwa a Benedicto. Pakomboni ankati mdalayo chidamugwetsa ndi chingambwe chimene ankasuta, ndipo a Benedicto adakhulupirira zomwezo chifukwa iwo sankasuta. Za a Austin sizidamvekenso.

M'nyumba imeneyo ndi momwe adalowetsamo a Faness. Mayiwa adabadwira pa esiteti ina ku Kasungu, mwana wa matenanti, ndipo mudzi wa makolo awo ku Chiradzulu ankangoumva m'nkhani. Adali ochepa thupi ngati amuna awo, koma pakamwa adali ndi mphamvu ya anthu atatu. Tsiku lina bambo amene ankagwira chingwe adachisiya pansi kukapempha fodya wapamphuno, a Benedicto akugwedeza mwendo m'katimo popanda wowakoka. Zomwe a Faness adamuuza bamboyo sitingazilembe pano. Kuyambira tsiku limenelo chingwe adachitenga iwo, ndipo sadachipatsenso munthu. Ntchito ya m'mpopi sadaionepo ndi maso, koma adaidziwa yonse ndi manja. Chingwe chikatha mikono inayi ankadziwa kuti afika pokhota poyamba, chikaima nthawi yaitali ankadziwa kuti akumata.

Esiteti idasintha eni kawiri, ng'ombe zidagulitsidwa, lamulo la mkaka lidapita ndi mzungu wake. A Faness sadalole kuti mkaka uthere pomwepo. Ankagula waufa kugolosale ya a Osmani pa Nsaru n'kuusunga m'chitini chakechake pamwamba pa khoma, pomwe ngakhale mwana wawo Eliza ali wamng'ono ankadziwa kuti sagwirapo. M'nyumbamo ndiwo zinkatha, sopo ankatha, koma tsiku la mpopi kapu inkakhalapo. Ankaimirira mpaka amuna awo amalize.

"Watsika?" ankafunsa.

"Watsika, mayi a Eliza."

Zaka zonsezi palibe balani lomwe lidapsa pa Machumuni, ndipo a Benedicto ankanyadira zimenezi mwakachetechete. Mbiri yawo idafika kunja kwa esiteti. Ankawaitana kukapala chumuni cha kukhitchini kusukulu yogonera komweko, ndiponso kulesitilanti ya mayi Anifa, mkazi wa a Osmani, komwe mwaye wake ndi wamafuta, womata ngati ulimbo, wonunkha tchipisi cha chaka chatha.

Kulesitilanti komweko ndi komwe matenda a a Benedicto adaonekera poyera, mwezi wa Okutobala. Chifuwa adali nacho kale, cha m'mawa, chotulutsa makhololo akuda, koma pakomboni ndani alibe chifuwa. Tsikulo adakwera makwerero kuti akafike padenga, ndipo atafika pachinayi adaima. Adakumbatira makwerero, kukamwa kuli yasa, akufuna mpweya umene udali ponseponse koma osalowa. Mayi Anifa, amene nthawi zonse ankawaseka kuti akuda kuposa mapoto awo, sadaseke.

"Tsikani, a Mfuko," adatero. "Chumuni sichithawa. Mawa mupite kuchipatala, ndipo musandiuze zoti ndi chimfine."

Adapita, okha, panjinga ya kabaza chifukwa yawo sakadatha kupalasa. Adawayeza makhololo kawiri, chifuwa chachikulu sichidapezeke. Adawatumiza ku Lilongwe kukajambulitsa, n'kubwerera ndi chithunzi m'envulopu. Amene adawalandira ulendo wachitatu adali dokotala wachitsikana, wa msinkhu wa Eliza, dzina lake Maureen. Adawavulitsa malaya, adaika chitsulo chozizira pamsana, n'kunena kuti, "Pumani, bambo."

A Benedicto adatembenuka msangamsanga. "Ndipume? Nanga nyumba, adokotala? Kwathu kuja munthu akapuma amatuluka m'nyumba."

Maureen adaseka, nawonso atazindikira adaseka, mpaka kuseka kudasanduka chifuwa. "Ndikunena kupuma kwa mpweya, bambo. Kokani mpweya."

Adakoka umene adatha kukoka. Dokotala adamvetsera kumanja, kumanzere, m'munsi, adakweza chithunzi chija kuwindo, ndipo kuseka kudamuthera. Adafunsa ntchito yawo, iwo adafotokoza zonse, mpaka za nthenga. Atamaliza, iye adakhala pansi n'kupinda manja.

"Tsopano ndikunena kupuma kwinako," adatero. "Kuja mumaopa kuja."

Adawafotokozera kuti m'mapapo muli tinjira ta mpweya, ndipo tawo tadzaza ndi kuuma, mwina n'kuphwanyika. Kwa munthu wina zikadafuna kubwereza, koma awa adamva nthawi yomweyo. Ndi mpopi umenewo. Mtima udakhalako pansi, chifukwa mpopi wotsekeka adali ataugonjetsa kambirimbiri.

"Ndiye mupala liti?" adafunsa.

"Kupala chiyani, bambo?"

"Mwayewo. Mulibe kawaya kolowetsa, kapena mankhwala osungunula?"

Maureen adapukusa mutu. Adati umene udalowa udalowa, ndipo chimene angachite n'kuwapatsa kabotolo kopopera m'kamwa koti tinjira totsalato tizitseguka pang'ono. Koma akalowanso m'mwaye, tsiku lina adzawakoka ndi chingwe chawocho atatha kale.

"Komatu ine mkaka sindinaphonyepo," adatero a Benedicto. "Ngakhale tsiku limodzi. Mayi akunyumba angandichitire umboni."

"Mkaka wa chiyani?"

"Wotsitsira mwaye."

Dokotala adayankha motsitsa mawu. "Mkaka umapita m'mimba, bambo. Mwaye umapita m'mapapo. Njira zake ndi ziwiri, sizikumana."

Mawu amenewa adawapweteka kuposa onse. Munthu amene moyo wake wonse adauthera kulondola njira za utsi, wodziwa kuti utsi uli ndi njira yake ndipo kutentha kuli ndi yake, adakhala zaka makumi atatu ndi zinayi akuthira mkaka m'njira yolakwika. Adachita manyazi. Adakumbukira a Austin akusisita pachifuwa, kenako adakumbukira chitini cha pamwamba pa khoma ndi masiku amene a Faness ankadya nsima ndi mchere kuti chitinicho chisaume. Maureen adalemba kalata yopita kwa abwana yoti apatsidwe ntchito yopanda fumbi. Iwo adaipinda n'kuiika m'chipewa, pomwe pankakhala nthenga.

Kunyumba adafotokoza za mapapo, za kabotolo ndi za kalata. Za mkaka sadanene. Adayesa kawiri, koma ankati akayang'ana chitini chija mawu n'kubwerera.

Nkhani idali nyumba, ndipo onse awiri ankadziwa. Kwanu n'kwanu, amatero anthu, koma onena mawu amenewa amakhala ali ndi munda. A Benedicto adapitako ku Phalombe pa maliro a mayi awo, n'kupeza malo onse atagawidwa kwa ana a alongo awo, mpaka pomwe padali khola. Adawalandira bwino, adawayalira mphasa yatsopano, ndipo tsiku lachitatu adawafunsa mwaulemu kuti basi yawo inyamuka nthawi yanji. A Faness adalibe n'komwe kopita kukafunsidwa zimenezo. Eliza adatengedwa chitengwa ku Nambuma, komwe ankakhala m'kachipinda kamodzi ndi ana atatu pakhomo pa apongozi ake. Pa dziko lonse la Malawi, malo awo adali zipinda ziwiri zija ndi mtengo wa mapeyala umene adadzala okha.

Manejala wa pa Machumuni, a Gibson, sadali munthu woipa, ndipo zimenezi zidali zovutirapo, chifukwa woipa umatha kumutukwana mumtima n'kupepukidwa. A Benedicto adawapeza pakhonde la ofesi, adavula chipewa, adatulutsa kalata. A Gibson adaiwerenga kawiri.

"Ntchito yopanda fumbi pa esiteti ya fodya," adatero, akukanda m'mutu. "Adokotalawa adafikako kuno?"

"Ndimati kapena ulonda, bwana."

"Ulonda udapita kukampani, mukudziwa. Amabwera ndi anthu awo a yunifolomu."

"Kosankha fodya?"

"Kumene kuja fumbi lake simulidziwa? Ndiponso ndi ntchito ya miyezi itatu, ilibe nyumba." Adapinda kalata ija pang'onopang'ono. "A Muhiwa, kalatayi ndikailowetsa mufayilo, abwana akulu akaiona, anena kuti mupume. Mukapuma, nyumba ndi ya ntchito, mukudziwa inu kuposa ine. Ine abwanawo ndimangowamva pafoni, sindingawauze za mapeyala anu. Ndiilandire, kapena muisunge kaye?"

A Benedicto adayang'ana kalatayo ili m'manja mwa manejala. Adaganiza za lole, mphasa ndi mapoto atatu. Adatambasula manja onse awiri n'kuilandira, ngati ndi mphatso.

"Kuthyola tiyamba sabata yachiwiri ya Januwale," adatero a Gibson, osawayang'ana kumaso. "Mabalani onse akhale akupuma isanafike Khirisimasi."

Mvula idagwa kumayambiriro kwa Disembala, fodya adayamba kutambasula masamba. Lolemba m'mawa, dzuwa litangouma mame, a Benedicto ndi a Faness adafika pa balani loyamba. Bambo adapopera kabotolo kawiri, adamanga chingwe kumwendo, adatenga tochi. A Faness adagwira chingwe.

"Ndingoyesa," adatero a Benedicto asanalume tochiyo. "Pang'onopang'ono."

Adalowa. Chingwe chidayenda mkono umodzi, iwiri, itatu. Khasu lidamveka kupala kanayi kapena kasanu, kenako zii. M'katimo mwaye woyamba utangogwa padenga la mpopi, pakhosi padatsekeka ngati wina wapondapo. Adalavula tochi, adayesa kukoka mpweya, adangomva kaphokoso ngati ka mwana wa mphaka. Adagwedeza mwendo kamodzi. Kachiwiri sadakumbuke ngati adagwedeza, koma a Faness sadadikire.

Adawakokera panja ngati thumba la makala, adawatsamiritsa pakhoma la balani, adawaika kabotolo pakamwa. Padapita nthawi yaitali asanathe kulankhula. Atatsegula maso bwinobwino adaona mabalani khumi ndi awiri atandandalika, ndipo iwo adali asanapale ngakhale mikono itatu ya loyamba. Adalira, osatulutsa mawu chifukwa mpweya wolirira padalibe, misozi ikungojambula mizere m'mwaye wa kumaso.

A Faness adagwada n'kumasula chingwe kumwendo kwa amuna awo. A Benedicto adaganiza kuti ndiye kuti basi, akupita kunyumba kukamanga katundu. Koma mayiwo adakhala pansi, adakwinya chitenje pakati pa miyendo ngati wokawoloka mtsinje, n'kuyamba kumanga chingwecho kumwendo kwawo.

"Mayi a Eliza, mukutani?"

"Mukuona."

"Ayi. Si malo a munthu wamkazi amenewo."

"Ndi malo a munthu wochepa," adayankha a Faness. "Mapewa anga ndi anu amasiyana pati? Pokhota poyamba ndi mikono inayi, pachiwiri isanu ndi itatu, eti? Dothi ndimata ndi chikhatho, osati ndi zala. Mwakhala mukundiuza zaka zonsezi, muganiza ndinkangogwedeza mutu?"

"Mwaye ndi woipa," adatero a Benedicto. "Mwaona zomwe wandichita ine."

"Inu mwalowamo zaka makumi atatu. Ine ndingolowa chaka chino, mwina ndi chamawa, mpaka tione pogwira. Ndiponso mkaka ulipo, ndagula Loweruka."

Apa ndi pomwe a Benedicto akadanena za mkaka. Adatsegula pakamwa, mawu adali okonzeka, njira zake ndi ziwiri. Koma adaona kuti akanena, mayiwa alowabe, chifukwa nyumba sidasinthe ndipo Khirisimasi sidasunthe. Alowa opanda kanthu kalikonse kowalimbitsa mtima. Ndiye adangovula malaya awo, adawanyika m'ndowa ya madzi okandira dothi, n'kuwamanga akazi awo pamphuno ndi pakamwa. Ankadziwa kuti asanafike pokhota poyamba adzakhala atachotsa, chifukwa m'menemo nsalu yonyowa imamata kumaso ndipo munthu amaona ngati akumira. Iwonso kale adayesapo n'kuchotsa.

A Faness adalowa. Mapazi awo, ong'aluka zidendene, adali omaliza kuzimirira mumdima, ndipo a Benedicto adatsala atagwira chingwe koyamba m'moyo wawo. Sadadziwe kuti chimalemera chonchi. Chinkayenda pang'ono n'kuima, ndipo chikaima mtima wawo unkaima nacho. Adagwada pakamwa pa ng'anjo kuti akuwe zoti pa mikono isanu pali njerwa yotuluka imene imang'amba msana, koma mawu awo adathera pomwepo, sadalowe ngakhale mkono umodzi. Adamva khasu likupala, mosadziwa poyamba, kenako mwamphamvu. Adamvanso a Faness akutukwana njerwa ija.

Ali chigwadire choncho adamva nsapato kumbuyo. Adali a Gibson, kabuku m'manja, akuzungulira mabalani. Manejala adayang'ana a Benedicto, adayang'ana chingwe, adayang'ana patapata wachikazi amene adali pambali pa ng'anjo.

"Ine sindinaone kanthu, a Muhiwa," adatero potsiriza. "M'buku muli dzina lanu. Chachikulu mabalani apume."

"Zikomo, bwana," adayankha a Benedicto, ndipo adadzida chifukwa adathokoza ndi mtima wonse.

Dzuwa lidali litapendeka pamene chingwe chidagwedezeka kawiri. Adakoka, akupumira pakati, mpaka mapazi adatuluka, kenako thupi lonse. Malaya aja adali m'khosi. A Faness adakhala tsonga, maso okha ndi mano zikuoneka, msana utakalika, n'kuyamba kuseka.

"Ndiye kumeneku n'komwe mumakhala, bambo a Eliza? Ine ndimayesa muli ndi chibwenzi m'menemu."

Adayatsa kaudzu m'ng'anjo. A Benedicto adavula chipewa, adakankhira kalata pambali, adatulutsa nthenga n'kuigwira pakamwa pa ng'anjo. Idaweramira m'kati bwino lomwe, ngati masiku a nyonga zawo.

"Likupuma?" adafunsa a Faness.

"Likupuma."

"Atsala khumi ndi limodzi," adatero mayiwo, akuvala patapata. Podzuka adatsokomola, kutsokomola kouma kochokera pansi, adatembenukira kumbali n'kulavula. Adafotsera ndi phazi msangamsanga, koma a Benedicto adali ataona kale mtundu wake. Chifuwa chimenecho ankachidziwa. Adachimva koyamba kwa a Austin pachitsa paja, tsiku lomwe adatsika lole.

Adayenda kupita kukomboni pang'onopang'ono, wina atatopa, wina akuima pa mtengo uliwonse. Amayi amene adali pamjigo adasiya kupopa n'kuyang'ana, ndipo wina adati pakomboni pabadwa mfuko wachiwiri. A Faness adamuyankha zomwe zidaseketsa mjigo wonse. Atafika adatenga ndowa n'kulowa kubafa, ndipo madzi amene ankatuluka pansi pa mpanda adali akuda ngati a m'chithaphwi cha pamsika.

A Benedicto adalowa m'nyumba. Adakwera pampando kuti afikire pamwamba pa khoma, adatsitsa chitini, adakhala pansi kudikira kuti mpweya ubwerere. Adafunditsa madzi, adatapa masipuni awiri odzaza monga ankaonera akazi awo akuchita, adaonjezera lachitatu. Adatakasa mpaka mibulu yonse idasungunuka, n'kutuluka nayo kapu pansi pa mtengo wa mapeyala, pomwe a Faness adakhala pamphasa akupukuta m'makutu.

Mayiwo adalandira ndi manja awiri. Adamwa atatseka maso, pang'onopang'ono, n'kusisita pachifuwa. A Benedicto adaimirira mpaka adamaliza.

"Ukumveka ndithu ukutsuka," adatero a Faness, akuyang'ana m'kapu. "Watsika wonse, eti?"

A Benedicto adatenga kapu ija m'manja mwawo.

"Watsika, mayi a Eliza," adatero.